Malume anga anandipatsa madontho awiri

Aphungu,

Ndine mtsikana wa zaka 19, ndipo chaka chatha ndinasewera mufilimu. Ndi ija anaitenga m'mabuku akale a ana atatu ofufuza milandu, mabuku oti nyumba iliyonse kuno ili nawo, ena mpaka akununkha chinyontho. Ine ndine mtsikana wonyamula tochi uja.

Itatuluka, nyuzipepala za ku Oslo zinaika dayisi pamwamba pa ndemanga zawo monga mwa nthawi zonse, madontho ake kusonyeza mmene filimu yawakomera. Ina inatipatsa madontho anayi pa asanu ndi limodzi, ina atatu. Dandaulo lawo linali loti ana a m'mabuku ankapalasa njinga n'kumaganiza ndi mitu yawo, pomwe ife timangodina mafoni. Zimenezo sizinandiwawe, anthuwo sandidziwa.

Koma nyuzipepala ya m'tauni yathu inatipatsa madontho awiri, ndipo wolemba wake ndi a Torleif, mlongo wawo wa amayi anga. Malume anga enieni! Omwe aja ankandiwerengera mabuku amenewa ndili wamng'ono, mpaka kumasintha mawu akafika pa chigawenga. Za ine analemba kuti: "Mtsikana wa tochi amalankhula ngati akuwerenga ndandanda ya mabasi." Ine ndimagwira ntchito m'golosale, aphungu. Mlungu wonse anthu akamalipira ankandifunsa, "Ya ku Trondheim inyamuka nthawi yanji, achemwali?"

Titakumana kwa amayi pomwa khofi, ndinawafunsa. Iwo osadzutsa n'komwe mutu, ali kalikiliki kudula tchizi, anati, "Mphwanga, ndikanakuyamikira tauni yonse ikanati ndakondera. Komanso buku lachitatu lija mwaliwononga nonsenu." Ine ndinati, "Nanga inuyo malume, munapangapo chiyani choti munthu n'kuonera, kupatula kulemba za makwaya ndi mitengo ya nsomba?" Amayi anangoti, "Alipo wofuna keke ina?"

Bambo wamkulu wa imvi kulirira mabuku a ana! Munthu woti mufilimu amawodzera isanafike pakati. Miyezi isanu yatha, koma mawu oti pepani sanatuluke pakamwa pawo.

Mwezi wamawa akukwanitsa zaka 60, ndipo amayi andipatsa ntchito yolemba nyimbo ya paphwando, ija timasindikiza n'kuika pambale ya mlendo aliyense kuti onse aimbire limodzi. Ndalemba kale, mavesi asanu ndi atatu, ndipo vesi lililonse ndine ndikugawa madontho. Ukwati wawo woyamba, limodzi. Ndevu zawo, limodzi. Kabuku kawo ka ndakatulo komwe anagula anthu 14, ngakhale dontho palibe. Amayi sanaione, akuganiza kuti tinakhululukirana. Ndiisindikize?

S.H., Levanger

Mwanawe,

Filimu yanuyo ndinaionera. Ine ndikanaipatsa madontho atatu, ndipo usandikwiyire, m'malo ena unkathamangitsadi mawu ngati kuti wina akulanda. Kwa munthu woyamba kumene, umenewo si mlandu.

Mlandu uli ndi malume ako. Wolemba wanzeru akaona dzina la mwana wa mlongo wake pafilimu, ntchitoyo amapatsira mnzake, iye n'kukagula tikiti ngati wina aliyense. Malume akowo anafuna kuti tauni iwatame kuti sakondera, ndiye anaponda pamutu pako kuti aoneke aatali. Za buku lowonongedwazo asatinamize. Akulira ubwana wawo amenewo, ndipo palibe filimu imene ingawabwezere.

Komabe nyimboyo usasindikize. Phwando lisanafike, upite kwawo wekha, nyuzipepala ija ili m'manja. Uwauze akuwerengere mawu a mabasi aja mokweza, iwe uli poteropo ukuwayang'ana. Ambiri olusa papepala lilime limawalemera mwiniwake akakhala pafupi. Usawathandize, usaseke, ungodikira. Akapepesa, zili kwa iwe kulandira tsiku lomwelo kapena chaka chamawa, sindikukufulumizitsa. Akakana, uuze amayi ako mosabisa kuti nyimbo alembe wina, iwe udzangodya nsomba yako n'kutsanzika msanga. Mavesi akowo kawerengere anzako awiri munasewera nawo aja, museke mpaka nthiti ziwawe, ukatero uwaponye m'mbaula.

Ndikuchenjeze chinthu chimodzi. Malume ako khungu lawo linakhuthala kale, adzaseka mokweza kuposa aliyense kuti aoneke osadandaula, usiku n'kukagona tulo tabwinobwino. Amene adzaime pakati pa alendo makumi asanu, pepala lili m'manja, mawu atawathera pavesi lachiwiri, ndi amayi ako, omwe anakupatsa ntchitoyi chifukwa amakukhulupirira.