Moni wa Asiyatu pa Makina a Yusufu

Amayi,

Kumene mwapitako muli bwanji? Kuno ku Isipingo, ku Durban, tilipo. Wagwira cholembera ndi Mariamu, mdzukulu wanu, koma mawu ndi anga, ndipo ndamuuza kuti asafewetse ngakhale liwu limodzi.

Mariamu yemweyu ali ndi mwana wamkazi, wabadwa mwezi watha, wonenepa bwino. Kushopu ntchito ilipo, tikusoka mayunifolomu a masukulu awiri. Bondo langa ndi lomwe lija. Koma sindinakhale pansi kuti ndinene za bondo.

Pamaliro anu sindinalipo, ndipo anthu ku Mangochi akuti Durban inandidya mtima. Imvani mmene zinayendera.

Chaka chatha telala wina amene ndinamulemba ntchito ankamvetsera mauthenga a makasitomala pa makina oyankha foni, n'kumawatsata kuseri. Anatilanda oda yaikulu. Ndiye Yusufu, mwana wanga wophunzira uja, anati, "Eish, Ababa, zonse zizilowera khomo limodzi." Foni, fakisi, peja ndi makalata a pakompyuta aja amati imelo, zonse anazikokera patebulo pake n'kutseka ndi nambala yachinsinsi. Ine mwini shopu sanandipatse. Akuti ndingaiwale, kapena ndingauze anzanga kumzikiti. Ine amene ndimasunga pamtima miyezo ya makasitomala anga onse! Makinawo anawaika kuti aziyankha m'Chingelezi ndi m'Chizulu basi, ati anthu asadziwe kuti ndife akunja.

Matenda anu atakula, mlongo wanga Asiyatu anayenda wapansi mpaka kupositi ofesi kukaimba foni. Munamulera ndinu, Amayi. Munkati, "Nkhani yolemera satulira pakhomo, uyambe wapereka moni." Ndiye iye anayamba: achimwene muli bwanji, alamu ali bwanji, ana, adzukulu, mmodzimmodzi ndi maina awo. Makina aja amapatsa munthu theka la mphindi. Anamudula asanafike pa dzina lanu. M'mawa mwake anabweranso, n'kuyambiranso moni. Tsiku lachitatu chimodzimodzi, mawu akunjenjemera.

Yusufu anamva mauthenga onse atatu. Anangoti, "Ndi azakhali, akupereka moni," n'kupitiriza za maoda. Ine osandiuza. Ndinadzamva patatha milungu iwiri kwa mayi wina wodzaoda katundu kuchokera kwathu, akundipepesa pakati pa anthu pokwerera matekisi. Apo n'kuti inu mutaikidwa kalekale.

Ndinamufunsa Yusufu kuti, iwe, munthu angayende mtunda wonse uja katatu kuti angofunsa za chimfine chathu? Sukulu yonse ija sanakuphunzitse kumva mawu a munthu amene akubisa kulira? 

Nambala ija tsopano ndili nayo, ndinaitenga mokalipa. Ndinakhala patsogolo pa makinawo n'kujambula mawu anga m'Chichewa: "Wakumudzi, yamba za odwala, moni tidzapatsana pambuyo." Amene akufuna kudziwa kuti ndine Mmalawi adziwe.

Chiyambire tsiku lija, Yusufu sindinadye naye mbale imodzi. Dzulo wabwera ndi matikiti awiri a basi, akuti akufuna kundiperekeza ku sadaka yanu ya masiku makumi anayi. Ndinafuna kumukaniza, koma ndalola. Ndikulonjeza kuti tibwera tonse. Ndikamuimika pamanda anu kuti afotokoze yekha, m'chilankhulo chathu, ine nditakhala chete. Ngati ndidzamukhululukire, ndikadziwira komweko.

Ndine mwana wanu wokukondani, ngakhale ndinachedwa,
Saidi