Chithunzi cha Amayi Chopanda Nkhope

9 Novembala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti bambo maso aja atheratu, moti dzulo anapereka moni kwa chitseko. Adokotala akuti palibenso chochita. Ndikudziwa mukudabwa kuti bwanji mukumva lero, ndiye khalani pansi muwerenge bwino.

Mukukumbukira mmene bambo anatchukira. Ojambula ndi kamera analipo, koma kamera sijambula munthu amene ali kale kumanda. Bambo ankatha, ndi burashi ndi penti. Anthu ankabwera pa basi kuchokera kutali atatenga ana a malemu, n'kuwandandalika pabenchi ija ya m'chipinda chojambulira. Bambo ankatola chipumi kwa uyu, milomo kwa uyo, makutu kwa mdzukulu, mpaka mayi wamasiye n'kuyamba kulira kuti, "Ndi iwowo amuna anga!" Zaka makumi anayi akhala akuukitsa akufa a eni ake. Zaka makumi awiri mwa zimenezo ine ndakhala ndikutsuka maburashi m'palafini, kukhomera nsalu pamafelemu ndi kusakaniza penti, mpaka zikhadabo zanga zinaiwala mtundu wake. Inu anakujambulani kasanu ndi kawiri musanakwatiwe. Ine ngakhale kamodzi komwe.

Chaka chatha, maso atangoyamba kuchita chifunga, anati akufuna kujambula malemu amayi athu iwo asanachite khungu. Paja amayi ankathawa kamera, sanatisiyire ndi kachithunzi komwe. Anandiuza kuti ndivale diresi ya buluu ya amayi ija, ndikhale pabenchi. Musaseke achemwali, ndinadzola ndi mafuta omwe. Masiku khumi ndi awiri ndinakhala pamenepo osagwedezeka, khosi likuwawa koma mtima uli m'malo, poti kwa nthawi yoyamba bambo anga ankayang'ana ine, osati burashi ya m'manja mwanga.

Tsiku lomaliza ndinazungulira kuti ndione. Panali diresi, mapewa ndi manja. Pamene payenera kukhala mutu panali pongoyera.

"Nanga nkhope, bambo?" ndinafunsa.

"Nkhope ya ndani?" anatero. "Iwe ndimangofuna poti diresiyo ikhalepo. Amayi ako anali munthu wooneka, iwe unatengera azakhali ako, chimphuno ngati chitsa. Lembera mkulu wako abwere msanga ndikadaona. Maso ndi pakamwa pa amayi ako zili kwa iyeyo."

Ndinati nanga bwanji osangotengera pazithunzi zanu zapakhoma. Anandiyankha kuti iwo chiyambire sanakoperepo penti, amajambula nkhope yopuma. Kenako anati nditsuke maburashiwo asanaume.

Ndinatsuka. Kalata ndinalembadi, ndinawawerengera mokweza iwo akugwedeza mutu, kenako ndinakaiika pansi pa zitini za penti. Anandilembetsa makalata anayi, ndipo onse akadali pomwepo. Akafunsa za foni ndinkati nambala yanu sikupezeka. Inu mukaimba ndinkati agona, ndipo simunavutikepo kuimbanso. M'mawa uliwonse ankatulutsa mpando pakhonde n'kumayang'ana kumsewu dzanja lili pachipumi, akaona mzimayi wonyamula chikwama ankaimirira. Poyamba ankazindikira munthu ali pa golosale, kenako pa geti, kenako mpaka alankhule.

Pamapeto pake ndinawauza kuti mwayankha, mwati mulibe nthawi yokhala pabenchi ya nkhalamba yonunkha palafini. Mawu amenewa ndinawapeka ndekha ndikusita zovala, ndipo ndivomere kuti anandikomera m'kamwa.

Sanalire. Anandituma nditsitse zithunzi zanu zonse zisanu ndi ziwiri, n'kuzipaka penti yoyera chimodzichimodzi, kuyambira chija muli ndi yunifolomu yakusukulu. Ine ndinawagwirira chitini. Pomwe burashi yaphonya ndinkawalozera.

Ndinkayesa kuti poti inu kulibe, tsiku lina adzandikhazikanso pabenchi, adzafufuza mpaka apeze kena kake. Sabata yatha anandiitana, anati ndigwade. Anayendetsa zala pachipumi panga, m'zikope, m'masaya mpaka kuchibwano, pang'onopang'ono.

"Ndimati mwina manja apeza chimene maso anaphonya," anatero. "Palibe. Kanditengere madzi."

Chithunzi cha amayi chikadali pathabwa pake, diresi ndi manja anga, mutu palibe. Bambo amati akatseka maso sakuwaonanso amayi, akuti nkhope ija yafufutika ngakhale m'mutu mwawo. Ine ndi amene ndawalanda, ndipo ndikudziwa. Nthawi zina zimandiluma mumtima, nthawi zina ayi.

Pempho langa ndi loti mubwere. Makalata anayi aja ndidzakupatsani m'manja, mudzawawerengere nokha, kenako mudzandichite chimene mukufuna. Sindidzathawa, ndilibe kothawira.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndi kwa ana onse, makamaka wamkazi uja amene akuti anatengera inu. Bambo ndinawafunsa ngati ali ndi moni woti ndilembe, anati kumeneko alibeko mwana. Musafulumire kwambiri, palibenso chimene chikuthawa. Masiku ano inu ndi ine amationa chimodzimodzi, ndipo Mulungu andikhululukire, ndikugona tulo tabwino.

Ndine mng'ono wanu,
uja anatsala pakhomo.