Bwana Asankha Volovolo

Lachinayi, Novembala. Kwatentha, ndipo ndatopa ndi mkwiyo.

Lolemba njoka ya mamba inapha galu wa bwana kuseri kwa khola la nkhuku kuno ku famu. Ndiye lero tinali m'sitolo ya mfuti ku Durban, ine wonyamula chikwama. Bwana anagwiragwira mavolovolo atatu, n'kusankha yaifupi, ati zipolopolo zake zimamwazika, njoka sungaiphonye. Wogulitsa wati chilolezo chitenga miyezi. Koma udzu wa kukholako bwana akuti ndikatchetche mawa.

Pobwerera ndinawauza kuti njoka ikutsata makoswe, makoswe akutsata chakudya cha nkhuku chimene chimakhala m'matumba osamanga. Anaseka, amvekere, "Yebo, Professor." Zaka ziwiri za maphunziro a zaulimi ku yunivesite, chimene ndinapata ndi dzina limeneli.

Galu amulira ndi mfuti. Ine majombo ndinapempha mu Ogasiti, mpaka lero ndikuyenda ndi nsapato zobooka.

A Phiri, anzanga a ntchito, akuti, "Achimwene, ingolowani m'udzumo, ntchito ikusowa." Akalowe okha. Popanda majombo chikwakwa sindigwira. Bwana akandichotsa ndikagona kwa alamu ku Isipingo, koma ndipita ndi miyendo yanga yonse iwiri.