Kutupa kwa Esinati sikunali tsempho

Achimwene,

Landirani moni wochokera kuno ku Thambani. Kaya inu muli bwanji ku Joniko? Ine thupi lili bwino, koma mwana wanga Esinati wapita padera.

Atatupa mapazi ndi nkhope, ine ndinati ndi tsempho, mwamuna wake wayenda ndi mkazi wina. Akamwiniwo anati, "Amayi, adokotala ananena kale kuti nthenda yake ya lupasi ija imavuta akakhala ndi pakati. Tipite naye ku boma."

Ndinawayankha kuti, "Ndabereka ana asanu ndi awiri ngakhale sindinaponde sukulu, mundiuza chiyani inu? Ululani basi!"

Ndinawathamangitsa, ndipo Esinati ndinamusunga sabata yathunthu ndikumumwetsa zitsamba. Pofika kuchipatala, mwana anali atafera m'mimba. Akuti nthendayo inagwira impso, magazi n'kumathamanga kwambiri.

Esinati watuluka, koma sakundilankhula. Chonde aimbireni foni akamwiniwo abwerere kwa mkazi wawo. Muwauze kuti analibe mlandu. Ine ndafika kawiri pafupi ndi kwawo, koma ndabwerera panjira osapepesa.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Nabanda