Timavu ta m'dimba lanu

Amayi, kaya mukukhala bwanji kumeneko?

Kuno ku Mkaika tili moyo. Nasilele mng'ono wanga wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Mtedza tinakolola bwino, koma denga la nkhokwe likudontha. Ine mtima suli m'malo, ndipo chifukwa chake ndi dimba lanu la kabichi.

Mukukumbukira mbozi zija zonyamula timazira toyera kumsana? Munkati tiziphwanye msangamsanga zisanaswane. Mwezi watha ndinaponya imodzi m'botolo, n'kutseka ndi kansalu, kuti ndione anawo. Amayi, m'timazira tija simunatuluke mbozi. Munatuluka timavu takuda, tochepa ngati chitowe, ndipo mboziyo inafa.

Munkanena kuti ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri, choncho ndinayenda wapansi mpaka ku Katete kukaonetsa alangizi a zaulimi. Anandipatsa galasi lokuza zinthu. Kachiuno kopyapyala, mapiko anayi, pamene ntchentche ili ndi awiri. Akuti ndi abale a mavu oluma aja, koma ali ndi mabanja ambirimbiri ngati Aphiri ndi Abanda, banja lililonse ndi mbozi yake. Kamayi kake kamabaya mbozi n'kuikira mazira m'kati, ana amadya mboziyo, kenako amatuluka n'kudziluka m'timatumba toyera tija. Ndiye kuti zaka zonsezi ife tinkaphwanya alonda athu.

Ndasiya kuphwanya zonyamulazo, ndikupha zopanda kanthu zokha. Apa ndiye pavuta. Amalume Zefaniya, alongo anu, anaona mbozi ndikuzisiya dala pamasamba, ndipo akuti ndanyoza inu malemu potsata nzeru za alangizi. Akuti kabichi akalephera chaka chino, dimba apereka kwa mwana wa amayi aang'ono. Botolo anakana n'kuliyang'ana komwe.

Tsiku lililonse ndimazungulira mizere katatu, kutembenuza masamba. Ena abooka, ena ayamba kumanga mitu. Sindikudziwa kuti zitha bwanji, ndipo ndili ndi mantha. Zala zimandiyabwa ndikaona toyerato, ndimachita kuzibisa m'nsalu.

Chondipweteka si amalume ayi. Inu mukanakalipa kaye, kenako mukanalanda botolo n'kulipenya padzuwa. Ameneyo ndiye munthu ndikumusowa.

Ndikulonjeza kuti dimba sindiligonera, ndipo kamwana ka dzina lanu ndidzakaonetsa timavuti kakayamba kuyenda. Pa ichi chokha, Amayi, ndiloleni ndikukaneni.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tiyanjane