Anachotsa dabulo wanga, Dona Mapiritsi n'kupulumuka

Aphungu,

Ndili ndi zaka 26, ndimathandiza dokotala wa mano, ndipo ndatha masabata atatu ndikuyankha mwamuna wanga ndi mphuno yokha. Ndalembera inu chifukwa munanenapo kuti mumasewera makhadi a briji, ndiye simundiseka.

Briji anandiphunzitsa ndi iye yemweyo tisanakwatirane. Ndi mphunzitsi wa masamu. Loweruka lililonse masana timakasewera ku kalabu, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya mabuku, mmene muli matebulo asanu ndi atatu ndi fani imodzi yolira ngati chigayo. Paja timasewera awiriawiri, mnzako amakhala moyang'anizana nawe, ndipo musanaponye khadi mumayamba mwapikisana ndi adani anu polonjeza kuti mudya kangati. Lamulo loyamba limene anandiphunzitsa linali ili: adani akalonjeza zimene sangakwanitse, iwe unene kuti "dabulo", mnzako akhale chete, muwakhaulitse. Ameneyo ndiye dabulo wa chilango. Zaka zitatu takhala tikutero.

Loweruka la masabata atatu apitawo adani athu anali mkulu wina wopuma pantchito ndi mayi wa ku famase amene ine ndimamutchula kuti Dona Mapiritsi. Amaseka nthabwala isanathe, ndipo perefyumu wake amafika patebulo mwiniwake akadali pa masitepe. Anakhala kudzanja langa lamanja. Ife tinkalonjeza makhadi a mitima, iwo a masipedi, tinakwezerana mpaka Donayo anati "masipedi atatu." Aphungu, m'manja mwanga munali masipedi anayi: kingi, jeki, teni ndi eyiti, onse atamubisalira kumbuyo. Mtima unangoti myaa. Ndinati "dabulo", mpaka ndinakhala bwino pampando.

Mwamuna wanga anayang'ana makhadi ake, anakanda chibwano, n'kunena kuti "mitima inayi." Kuchotsa dabulo wanga! Munthu ndamugwira kale pakhosi, iye n'kundimasula zala. Ndiye poti malamulo amalola mdani kufunsa, Donayo anapendeketsa mutu: "Aphunzitsi, dabulo wa amayiwa akutanthauza chiyani?" Wanga uja, wopanda manyazi ngakhale pang'ono: "Ndi wogwirizana, uja tinkakambirana Lachinayi."

Lachinayi liti? Lachinayi ine ndimaweruka mochedwa, ndimakhala ndikuwiritsa zitsulo za dokotala.

Mitima inayi ija tinagwa nayo, tinaperewera kawiri. Donayo akanaperewera katatu, makhadi onse ndinawerenga. Potuluka anagwedeza ndolo zake n'kundiuza kuti, "Pepanitu asisi, masewera ndi choncho." Asisi! Tinabadwa mimba imodzi?

Panjira ndinamufunsa: "Bambo inu, za Lachinayizi zinayamba liti?"

"Ndi kalasi chabe ya briji ku kalabu kuja, mayi. Timakhalapo anthu asanu ndi atatu."

"Ndiye mwaphunzira kumva chinenero cha akazi a eni, cha mkazi wanu mwaiwala?"

Akuti dabulo wamakono salamula, amafunsa. Akuti tanthauzo lake n'lakuti "ndili ndi mphamvu, iwe ukuona bwanji, tiwalange kapena tipitirize?" Iye poti anali ndi sipedi imodzi yokha ndi mitima isanu ndi umodzi, anasankha kupitiriza. Akutinso mwezi watha anandipatsa kapepala kofotokoza zimenezi, ine n'kuikapo kapu ya tiyi. Kapepalako ndinakapeza pawindo la kukhitchini. Chidindo cha kapu chilipodi, sindikana. Koma zolembazo ndi za dzanja la mkazi, zilembo zopendekeka ngati mutu wake uja.

Lachisanu likubwerali ndi tsiku lomaliza kulembetsa mpikisano wa pachaka. Fomu ili pa firiji, iye anasaina kale, mzere wanga uli mbee. M'mawa uliwonse amaika cholembera pafupi ndi mbale yanga, ine ndimachikankhira uko. Ndikuganiza zokalembetsa ndi mkulu wopuma uja, kuti naye amve mmene zimawawira. Ndiuzeni zoona, Aphungu: mwamuna angachotse dabulo wa mkazi wake ngati mtima wake suli kwa wodabulidwayo?

N.K., wa kwa dokotala wa mano

N.K. mwana wanga,

Angachotse, ndipo ambiri amachotsa, ngakhale mdaniyo ali wandevu ndi dazi. Ine ndinachitidwapo kangapo konse.

Tiyambe ndi makhadi, chifukwa pamenepo wolondola ndiwe. Unali kumbuyo kwa mwini masipedi, uli ndi anayi olimba chotero, ndipo pangano lanu la zaka zitatu likuti chilango. Anayenera kutseka pakamwa. Dabulo wogwirizana si woipa ayi. Amathandiza pamene uli ndi mphamvu koma masipedi ako ndi awiri kapena atatu osaoneka bwino, ndipo sukudziwa ngati kulanga kungapindule. Koma ameneyo ndi wa anthu awiri. Wogwirizana ndi ndani, mnzako asakudziwa? Kungopereka kapepala si kupangana. Apa aphunzitsi a masamu apeza ziro.

Analakwanso posakuuza za Lachinayi. Zimenezo umufunse ndi pakamwa, mphuno ipumeko.

Koma za chibwenzi sunandipatse umboni. Mwamuna amene ali ndi chobisa satchula Lachinayi mkazi wake ali pomwepo, matebulo asanu ndi atatu akumva. Ndipo kapepala kaja sanakabise m'sokosi. Anabwera nako kunyumba, anakupatsa m'manja, chifukwa amene ankafuna kusewera naye njira yatsopanoyo ndi iwe. Iwe unaikapo kapu. Gawo limenelo ndi lako, ulitenge.

Chita izi. Lero lomwe mukhale pansi, kapepalako pakati. Mutenge pepala lina, ulembe ndi dzanja lako pamene dabulo ali wa chilango ndi pamene ali wofunsa. Chimene simunavomereze nonse chisalowe, ngakhale chikhale chamakono bwanji. Apepese za dabulo uja, ndipo akapepesa ulandire, usamuuze kuti abwerenso mawa. Lachinayi upemphe dokotala akumasule msanga, ukwere masitepe aja, ukakhale moyang'anizana ndi mwamuna wako. Donayo umupatse moni wabwinobwino, dzina la Mapiritsi lisiye pakhomo. Mwamuna wako akakana kuti upite nawo, kapena akayamba chibwibwi, pamenepo nkhani yasintha ndipo udzakhala ndi chifukwa chenicheni chomufunsira.

Koma chenjera ndi maganizo ako obwezerawo. Mkulu wopumayo musiye apume. Paja ndiye amasewera ndi Donayo. Ukamutenga, Dona atsala yekha, mwamuna wako atsala yekha, ndipo pa firiji pali fomu ya mzere umodzi wopanda dzina. Iwe umadziwa kuwerenga makhadi, werenganso apa. Ukapanda kusaina pofika Lachisanu, perefyumu uja ukamumvera pampando wako, ndipo womukokera mpandowo ukhala uli iwe.

Aphungu