Achimwene Sabwera ku Chiliza

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti mwendo wanu uja ukupezako bwino. Kuno ku Bradford tonse tili bwino, kungoti kukuzizira.

Dzulo loya anatiuza kuti achimwene anga, a Limbani, sangabwere ku chiliza cha bambo. Viza yawo idatha kalekale, ndiye akatuluka m'dziko muno sawalola kubwerera. Lamulo limene ankadalira lidasinthidwa. Tsopano ayenera kuonetsa umboni woti akhala kuno zaka makumi awiri mosadukiza, ndipo ngakhale atatero, chilolezo chokhazikika sichibwera msanga.

Umboniwo ndiye ukusowa. Mabanja a kutchalitchi ankawasunga mosinthana, lendi ndi magetsi zili m'maina a eni nyumba. Akadwala, ife manesi tinkawasamalira kunyumba. Ngakhale pa maukwati ankathawa kamera. Loya anafunsa kuti, "Nanga ndionetsa chiyani kuti munthuyu analipodi?" Achimwene anaseka pang'ono, nkunditembenukira: "Mwamva, achemwali? Munandibisa bwino kwambiri." Ine sindinaseke.

Chonde auzeni amalume asadikirenso, chiliza chimangidwe. Mulungu akusungeni, Amayi. Sabata yamawa abusa alemba zonse zimene akukumbukira za achimwene, ndipo loya aona ngati zingakwanire.

Ndine mwana wanu,
Tamanda